Kukayenda ku Rumphi: Nyama za ku Vwaza ndi Nyika, Khofi wa ku Phoka

Khofi wa Mzuzu amamwedwa m'mizinda yathu yonse ndi kunja komwe, koma ambiri omwe amamumwa sanauonepo mtengo wake. Ena mwa khofi ameneyu amachokera m'mapiri a boma la Rumphi, komwenso kuli nkhalango ziwiri zosungirako nyama zakutchire, Nyika ndi Vwaza. Ulendo wa kumeneko ndi wotheka, koma sufuna phuma. Patulani masiku asanu kapena kuposerapo, ndipo tsatani ndondomeko iyi.

1. Sankhani nyengo

Miyezi yabwino ndi Juni mpaka Seputembala. Misewu imakhala youma, alimi amakhala ali kalikiliki kuthyola khofi, ndipo ku Vwaza nyama zimayamba kusonkhana pomwe pali madzi. Ngati mtima wanu uli pa maluwa, pitani pakati pa Disembala ndi Malichi, pomwe mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja la chinaka imamasula pa Nyika. Dziwani kuti nthawi imeneyo misewu imaterera koopsa.

2. Konzekerani muli ku Mzuzu

Pezani galimoto yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi. Ngati mulibe, sonkhanani anthu angapo mubwereke imodzi, mtengo upepuke. Thirani mafuta odzadza, mukaonjezere pa boma la Rumphi, chifukwa pamwamba pa Nyika musayembekezere kukapeza pothirira. Tengani tayala lapadera, jeke, madzi akumwa, chakudya chokaphika, tochi ndi ndalama zapamanja. Musaiwale chiphaso cha unzika, pakuti Amalawi amalipira zochepa pa zipata za nkhalango kuyerekeza ndi alendo akunja. Malo ogona funsirani musananyamuke.

Kuchoka ku Mzuzu, tsatani msewu wa M1 kudzera pa Ekwendeni, kenaka mukhotere kumanzere kulowera ku Njakwa, komwe mtsinje wa South Rukuru umadutsa pakati pa mapiri. Kukafika pa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70.

3. Yambirani ku Vwaza

Vwaza ili kuchigwa, kumadzulo kwa boma, kumalire ndi Zambia. Lowerani pa chipata cha Kazuni. Pano simusowa kuzungulira kwambiri: khalani m'mbali mwa nyanja ya Kazuni dzuwa likapendeka. Mvuu zimakhala zitangotulutsa mphuno ndi makutu m'madzi, nswala ndi njiri zikudya m'mphepete, kenaka njovu zimatulukira m'tchire pa mndandanda, ana ali pakati, kudzamwa madzi. Musayende pansi popanda mlonda wa nkhalango, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi.

Ku Vwaza kuli kashembe, ntchentche yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa, za manja aatali, ndipo tsekani mawindo podutsa m'tchire. Mukatentha thupi mutabwerako, kauzeni adokotala komwe munali.

4. Kwerani Nyika kukadali m'mawa

Msewu wake umadzera ku Bolero, likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe komwe kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya, mpaka pa chipata cha Thazima. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona, ndi makilomita enanso pafupifupi 60 a msewu wafumbi wokwera mokhotakhota. Ulawireni, mdima usakupezeni m'njira.

Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ndiyo yaikulu pa nkhalango zonse zosungirako nyama m'dziko muno, yoposa masikweya kilomita 3,000. Pamwamba pake mitengo ndi yapatalipatali. Ndi zitunda za udzu zotsatizana mpaka pomwe maso alekezera. N'chifukwa chake nyama zimaoneka zili kutali: mbidzi, nchefu, chilembwe, mphoyo. Akambuku aliponso, ndipo mwayi wowaona umakula mukayenda madzulo ndi wotsogolera alendo. Mbalame zilipo mitundu yoposa 400.

Gonani masiku awiri. Kwerani pa Chosi kukaona dzuwa likulowa, kafikeni pa nyanja yaing'ono ya Kaulime yomwe anthu akumeneko amailemekeza kuyambira kale, ndipo ngati miyendo ili bwino tsikirani ku mathithi a Chisanga. Chelinda ili pamtunda woposa mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Juzi, jekete, chipewa ndi masokosi okhuthala n'zofunika, makamaka kwa ana. Musakumbe chinaka, musayatse moto patchire, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo.

5. Kachezereni alimi a khofi

Mukatsika, bwererani ku Njakwa n'kulowa msewu wopita ku Livingstonia, womwe umadutsa m'mapiri a Phoka. Alimi ambiri kuno ali m'makopaletivi omwe ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndiye funsani ku ofesi yawo ku Mzuzu kuti akulumikizeni ndi alimi musanapite. Munda wa munthu salowamo mwachisawawa. Perekani moni, nenani chomwe mwadzera, ndipo pemphani musanajambule. Anthu akuno amalankhula Chitumbuka. "Monire" ndi "yewo" zidzakutsegulirani njira.

Pemphani kuti muthyole nawo. Khofi wa kuno ndi wa mtundu wa Arabica, ndipo zipatso zake sizipsa nthawi imodzi. Pa nthambi imodzi pamakhala zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, ndipo mlimi amatola zofiira zokha, chimodzichimodzi, n'kudzabwereranso pa mtengo womwewo kangapo. Tsiku lomwelo amazisenza kupita nazo pa makina ochotsa makoko. Njere zimasiyidwa kuti zisase mpaka kuterera kwake kuchoke, zimatsukidwa, kenaka zimayanikidwa pa thandala n'kumatembenuzidwa ndi manja mpaka ziume. Mukaona ntchito yonseyi, mtengo wa paketi simudzaudandaulanso. Wokuyendetsani m'munda mpatseni kangachepe, pakuti wasiya ntchito yake chifukwa cha inu.

6. Malizirani ku Livingstonia

Pano ndi pomwe Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Onani nyumba yake ya miyala, Stone House, yomwe imasunga zinthu zakale, tchalitchi, ndi mathithi a Manchewe omwe madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Msewu wa Gorodi wotsikira ku Chitimba uli ndi makona akuthwa 20. Ngati simuudziwa kapena mabuleki akukayikitsa, bwererani njira yomwe munadzera.

Ndalama yomwe mulipire pa chipata, kwa wotsogolera alendo ndi kwa mlimi imathandiza kusamalira nkhalangozi ndi kudyetsa mabanja ozungulira. Yambani lero kusunga pang'onopang'ono, pezani anzanu oyenda nawo, ndipo chilimwe chikubwerachi mukaone Rumphi ndi maso anu.