Bandulo Imodzi, Makompyuta Awiri: Malangizo kwa Achinyamata a m'Kuku

Aphwanga a m'Kuku amene mwayamba kuphunzira za makompyuta, pali chinthu chimodzi chimene chagwetsa mphwayi anzanu ambiri asanafike patali: bandulo yotha usiku umodzi chifukwa cha VM. Mnyamata amasonkha ndalama, kugula laputopu yakale m'tauni, kuikamo VirtualBox, m'kati mwake kuikamo Ubuntu kapena Windows Server monga anenera aphunzitsi, kenako kulumikiza foni. Pokacha data ya mwezi wathunthu yapita, iye osaonera ngakhale vidiyo imodzi. Amayamba kutukwana kampani ya foni kuti yamubera. Kawirikawiri palibe amene wamubera. Yadya ndi VM, kompyuta yachiwiri ija imene waiika yekha m'kati mwa laputopu.

VM sidziwa kuti inu muli m'komboni ndipo data mumagula ndi ndalama ya ndiwo. VirtualBox imaipatsa kadi ya netiweki yongoyerekezera, ndipo iyo imaona ngati yalumikizidwa pa waya wa mu ofesi, pamene intaneti siitha. Mukhoza kuuza Windows ya pa laputopu kuti hotspot yanu ndi Metered connection, koma lamulolo limathera pa laputopu pomwepo, sililowa m'kati mwa VM. Ikangoyaka, Windows ya m'katiyo imayamba kukoka ma update mwakachetechete, Ubuntu nayo imayamba kukonzanso ma snap ake. Choncho ntchito yoyamba mukangomaliza kuika VM ndi kulowa mu Settings ya m'kati mwa VM yomweyo, pa gawo la netiweki, ndi kuyatsa Metered connection. Pa Ubuntu onjezerani lamulo ili mu Terminal: sudo snap set system refresh.metered=hold. Ma update ndi ofunika, musawataye, koma tsiku lowakokera muzisankha ndinu.

Tsopano za kalumikizidwe. Mukatsegula Settings ya VM mu VirtualBox n'kupita pa Network, mupeza mawu akuti Attached to. Ngati intaneti yanu ikuchokera pa foni, pa MiFi kapena pa modemu ya USB, siyani pa NAT. Zimayenda ngati pa pulote ya mita imodzi ya ZESCO: mita ili m'dzina la alandilodi, wochita lendi kuseri amakoka magetsi pa mita yomweyo, a ZESCO amaona nyumba imodzi, ndipo mayunitsi akatha nonse muli mumdima. Laputopu ndiyo imadziwika pa netiweki, VM imadutsira mwa iyo. Kuti mutsimikize, lembani ip a pa Linux kapena ipconfig pa Windows m'kati mwa VM. Mukaona adiresi ya 10.0.2.15 ndi gateway ya 10.0.2.2, dziwani kuti zonse zili m'malo mwake.

Ambiri amathamangira Bridged Adapter chifukwa anaona munthu pa YouTube akuchita choncho. Munthuyo ali ndi rauta m'nyumba, yogawa ma adiresi kwa aliyense wolowa. Modemu zakale zija zoimba ngati foni zimalandira adiresi imodzi yokha kuchokera ku kampani, ndiye VM ikapempha yakeyake palibe woipatsa. Mudzakhala usiku wonse mukusintha izi ndi izo pachabe. Pa MiFi kapena pa hotspot ya foni Bridged imatha kugwira, chifukwa kachipangizoko kamagawa ma adiresi ngati rauta, koma pamenepo VM yanu imaonekera kwa aliyense amene ali pa hotspot yomweyo. Njira ina ndi kupereka modemu yonse kwa VM kudzera pa USB. Imagwira, koma laputopu imatsala yopanda intaneti mpaka mutaibweza.

Mukafuna kufika pa seva imene mwaika m'kati mwa VM, Bridged siifunika. Pa NAT pomwepo pali Port Forwarding. Lozetsani poti 2222 ya laputopu ku poti 22 ya VM kuti mulowe ndi SSH, ndi 8080 ku 80 kuti muone webusaiti yanu pa bulauza. Koma musauze mnzanu wa ku Matero kuti aitsegule ali kwawo. Makampani a mafoni kawirikawiri amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, motero wa kunja safika pa khomo panu ngakhale zonse mwakonza bwino.

Langizo limene ndimaliika patsogolo pa onse ndi ili: maphunziro ambiri safuna intaneti n'komwe. Kuphunzira malamulo a Linux, kukhazikitsa DHCP ndi DNS, kupanga Active Directory, kulemba database, zonsezi zimatheka pa Host-only Adapter, imene imalumikiza laputopu ndi ma VM pa ma adiresi oyamba ndi 192.168.56, osatuluka kunja. Patsani VM makadi awiri, ina Host-only yoyaka nthawi zonse, ina NAT. Pa ya NAT zulani waya pochotsa chizindikiro pa Cable Connected, muzichibweza pokhapokha pali chinthu chimene mwatsimikiza kukoka. Mukamaliza, zulaninso. Kakona ka pansi pa windo la VM kali ndi kachithunzi ka netiweki. Kudina pamenepo kawiri kuti muzule kapena kubweza wayawo sikutenga mphindi. Mukasintha kuchoka pa MiFi kupita pa foni ndipo VM yasiya kutsegula masamba, zulani ndi kubwezeretsa waya womwewo musanaganize zoika chilichonse mwatsopano.

Mafayilo akuluakulu musakoke aliyense payekha. ISO ya Ubuntu 24.04 ya pa desktop imaposa magigabayiti 5, ya Windows 11 chimodzimodzi. Ngati muli asanu m'Kuku, ku Misisi ndi ku Chawama amene mukuphunzira zofanana, mmodzi akakoke kumene kuli Wi-Fi, kaya ku koleji kaya kuntchito kumene aloledwa, enanu mutenge pa fulashi. Mmodzi akamaliza kuika VM ndi ma update ake, achite Export Appliance, fayilo ya OVA izungulire gulu lonse. Fayilo yochokera kwa munthu wosamudziwa fananizani SHA256 yake ndi imene yalembedwa pa webusaiti ya eni ake musanaikhulupirire. Dziwaninso kuti mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook sadyetsa VM. Ikakoka kanthu, imapita kukadya bandulo yaikulu kapena talk time yanu.

Magetsi nawo muwawerengere. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona malaiti akuzima maola ochuluka pa tsiku. VM imamaliza batire msanga, ndipo foni yoyatsa hotspot imatentha. Kulumikiza foni ndi waya wa USB kumakhazikika kuposa Wi-Fi, koma foni imayamba kuyamwa batire ya laputopu. Musanayambe update iliyonse tengani snapshot, chifukwa laputopu ikazima pakati pa ntchito VM imatha kuwonongeka, ndiye mudzalipira data kachiwiri pa chinthu chomwecho. Batire ikatsika, tsekani ndi Save the machine state. Nyengo ya mvula, madzi akayamba kulowa m'nyumba monga timadziwira kuno, laputopu ndi fulashi zikhale m'pulasitiki, pamwamba. Ngati laputopu yanu ili ndi RAM ya magigabayiti 4, musaikakamize Windows 11, imene payokha imafuna 4 yomweyo. Yambani ndi Debian kapena Ubuntu Server yopanda zithunzi, ndipo ndalama yoyamba imene mupeze mugulire RAM.

Chomaliza ndi cha khalidwe. Ambiri mumaika Kali Linux chifukwa mukufuna ntchito ya chitetezo cha pa intaneti, ndipo ndi ntchito yabwino. Koma zida zake muziyesera pa ma VM anu okha, m'kati mwa Host-only. Kufufuza foni ya mnansi amene wakubwerekani hotspot, kapena netiweki ya pa sukulu, popanda chilolezo ndi mlandu. Zambia inakhazikitsa lamulo la milandu ya pa intaneti mu 2021, ndipo mu 2025 panabwera malamulo atsopano m'malo mwake. Ngakhale apolisi atapanda kudziwa, mbiri ya munthu wosuzumira m'mafoni a anzake imayenda msanga m'komboni, ndipo palibe amene adzakupatseni kompyuta yake kuti muikonze. Hotspot ya mlongo wanu kapena ya amayi musailumikize ku VM osawauza kuti ingadye zambiri.

Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana wa m'Kuku amene waphunzira kuyendetsa ma seva atatu pa laputopu yakale ndi bandulo yowerengera amafika pa ntchito akudziwa kale kumene data imadutsa ndi chimene chimaidya. Luso limeneli mabwana amalifuna, ndipo silibwera ndi satifiketi yokha. Choncho musasiye chifukwa bandulo yatha kamodzi. Lero lomwe tsegulani VirtualBox, ikani pa NAT, yatsani Metered connection m'kati mwa VM, zulani waya, ndipo mukapeza ISO yatsopano mugawireko mnzanu.