KUWETA AGALU NDI KULERA ANA AWO

Ku Champhira, m'boma la Mzimba, midzi yambiri ili ndi agalu. Anthu a kumeneko, amene alankhula Chitumbuka, amutcha galu ntcheŵe. Iye alonda khola la mbuzi usiku, napirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Kale Angoni ankapita naye ku uzimba, koma lero kusaka m'nkhalango za boma, monga ya Perekezi, nkoletsedwa.

Agalu ali a mitundu yambiri. Ku England kuli mtundu wina wotchedwa beagle. Ndi galu wamfupi, wosapitirira masentimita 40 msinkhu wake, wa makutu aatali ogwa pansi ndi mchira woyera kunsonga. Kale ankasaka akalulu polondola fungo lawo. Kuyambira chaka cha 1984 agalu amenewa agwira ntchito m'mabwalo a ndege a ku America, kununkhiza katundu wa apaulendo kuti apeze zipatso ndi nyama zoletsedwa. Luso limeneli silinadze mwangozi ayi. Kwa zaka zambiri eni ake ankasankha yaikazi ndi yaimuna ya mphuno yakuthwa, nasamala ana ake bwino. Galu wathu wa m'mudzi afuna chisamaliro chomwecho.

Choyamba ndicho kusankha makolo. Galu wamkazi akhale wamphamvu, wopanda mphere, wofatsa kwa ana a pakhomo. Iye afuna wamwamuna ngati kawiri pa chaka, koma pa nthawi yoyamba mumtsekere, pakuti thupi lake lisanakhwime. Musalole kuti akwerane ndi mbale wake kapena atate wake, chifukwa ana otere kawirikawiri abadwa ofooka. Ndipo musanamlole, dzifunseni kuti, “Kodi tiagalu timeneti tidzapita kwa yani?” Galu wosowa mwini angoyendayenda, naba nkhuku, nafalitsa matenda.

Galu akhala ndi bere masiku ngati 63, ndiyo miyezi iwiri ndi masiku owerengeka. Nthawi imeneyi gaga yekha sakwanira. Muonjezere usipa, mazira ophika kapena nyama yotsala, ndipo madzi abwino asasowe. Masiku akayandikira mumkonzere malo ouma, a mdima pang'ono, otchingidwa ku mphepo, ndi kuyalapo udzu wouma ndi chiguduli.

Poswa galu adzithandiza yekha. Ang'amba kathumba kamene mwana abadwiramo, naluma mchombo, namnyambita kuti apume. Ana a sukulu asaunjikane pamenepo kapena kuchita phokoso. Koma akavutika kolimba kupitirira theka la ora osatuluka mwana, itanani mlangizi wa ziweto msanga.

Tiagalu tibadwa tosapenya ndi tosamva. Maso atseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo nkoipa kuwatsegula ndi zala. Pa tsiku loyamba kagalu kalikonse kayamwe, pakuti mkaka woyamba uli ndi mphamvu yoteteza ku matenda, ndipo mimba ya kagalu ilandira mphamvu imeneyo pa tsiku limodzi lokha. Kakang'ono kamene anzake akakankha mukaike pa bere ndi dzanja lanu.

Mdani wamkulu wa masiku oyambawo ndiye chisanu. Kagalu kakhanda sikatha kudzifunditsa kokha. Kadalira thupi la amake ndi la abale ake. Dziko la Champhira ndi lokwera, ndipo mu June ndi July usiku uzizira koopsa. Kagalu kozizidwa kaleka kuyamwa, kalira mosalekeza, kenaka kangoti zii. Mukakapeza kotero musakamwetse kanthu kasanafunde. Kaikeni m'malaya pachifuwa panu kufikira katatenthedwa, ndipo pamenepo mukabwezere kwa amake. Musakaike pafupi ndi moto, pakuti sikatha kuthawa kakayamba kupsa.

Make akafa, ntchito ikula. Tiagalu tifuna kumwetsedwa pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku. Ndiponso sititha kukodza kapena kuchita chimbudzi popanda kunyambitidwa, chotero mutipukute kunsi kwa mimba ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda.

Pa masabata awiri funsani mlangizi wa ziweto mankhwala a njoka za m'mimba, pakuti tiagalu tambiri titenga njokazo kwa amake, ndipo mazira ake akhoza kudwalitsa mwana wosewera m'dothi. Tenthani udzu wakale ndi kuyala watsopano kuti utitiri ndi nkhupakupa zisachuluke. Pa masabata atatu kapena anayi mano ayamba kumera, ndipo mutha kutipatsa phala lamadzimadzi la usipa wosinja. Musapereke kagalu kwa munthu wina kasanakwane masabata asanu ndi atatu, chifukwa kwa amake ndiko kaphunzira kusewera kosaluma.

Chotsiriza ndicho katemera wa chiwewe. Nthenda imeneyi ilowa m'thupi ndi malovu a nyama yodwala, ndipo zizindikiro zikaoneka munthu sachira. Ambiri mwa olumidwa ndi ana, chifukwa ndiwo asewera ndi agalu. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pogwiritsa ntchito katemera wake m'chaka cha 1885. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu zikwi zambiri mumzinda wa Blantyre. Kagalu kanu kabayidwe pofika miyezi itatu, ndi kubwereza monga alangizi anena. Galu akakulumani, ngakhale kagalu kakang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uzani makolo, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Akulu anati, “M'mera mpoyamba.” Kagalu kofunda, kokhuta, kogwiridwa mofatsa ndi kobayidwa katemera kadzalonda khomo lanu zaka zambiri.

MAFUNSO

1. Galu akhala ndi bere masiku angati?
2. Nchifukwa ninji chisanu chiopsa tiagalu takhanda?
3. Mudzachita chiyani galu akakulumani?