Kugwira msewu, kukhalitsa ndi kufewa: kodi tayala limodzi lingathe zonsezi?

Makalata a sabata ino achuluka ndi a matayala, ndipo atatu achokera kwa anthu oyendetsa galimoto zikuluzikulu za dizilo, zimene ambiri timangoti za mabwana: BMW 520d, Mercedes-Benz E220d ndi Audi A6. Yoyamba alemba ndi bambo ena a ku Lilongwe. Akuti: “Ndili ndi BMW 520d yochokera ku UK. Matayala akumbuyo atha msanga modabwitsa, komanso galimoto imagunda pa kabampu kalikonse. Ndiuzeni tayala logwira msewu bwino, losatha msanga ndiponso lofewa. Ndalama ndiyesetsa, bola ndigule kamodzi.”

Bambo, tayala lopambana pa zitatu zonsezi silinapangidwe, ndipo wogulitsa akakulonjezani zimenezi dziwani kuti akungofuna malonda ayende. Gwero la nkhaniyi ndi labala. Msewu wa phula, ngakhale uoneke wosalala, uli ndi timiyala ndi timaenje, ndipo tayala limagwira chifukwa labala amalowerera m'timaenjeto n'kukakamira. Labala wofewa amalowerera kwambiri, n'chifukwa chake amagwira bwino, koma ndi yemweyonso amene amaperesekera pa msewu msanga. Mukamulimbitsa kuti akhalitse, amayamba kungodutsa pamwamba pa timiyala, makamaka msewu ukanyowa. Opanga matayala alimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Mu 1992 kampani ya Michelin inatulutsa matayala a labala wosakaniza ndi silica, ndipo njira imeneyi, yomwe makampani ena anaitsatira, inathandiza kuti tayala lizigwira msewu wonyowa popanda kumwetsa galimoto mafuta ambiri. Vuto linachepa ndithu, ndipo zina mwa ndalama zimene mumalipira pa tayala lodula zimapita ku zosakaniza zoterezi, koma silinathe. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tisankhe chimodzi chimene tayala lenilenilo litipatse, zinazo tikazifune kwina.

Maganizo anga ndi akuti muziyang'ana kaye mmene tayala limagwirira msewu wonyowa, chifukwa pa zitatuzi ndi chokhachi chimene simungachipeze pena paliponse. Kufewa kumabwera ndi saizi ya limu komanso mpweya woyenera. Kukhalitsa kumadalira kwambiri alayimenti, mpweya ndi phazi la woyendetsa. Koma kugwira kuli mu labala ndi mizere ya tayala basi. Galimoto yanuyo imalemera pafupifupi makilogalamu 1,700 musanakweremo, ndipo kulemera konseko kumakhudza msewu pa malo anayi okha, alionse aakulu ngati chikhatho cha dzanja. Mabuleki a ABS ndi makompyuta onse a m'galimotomo amangogawa bwino kugwira kumene kulipo, sangalenge kumene kulibe. Ku Ulaya, kuyambira mu 2012, tayala latsopano limagulitsidwa ndi chomata chosonyeza zinthu zitatu: kamwedwe ka mafuta, kaimidwe pa msewu wonyowa, ndi phokoso limene limamveka kunja. Kuyambira mu 2021 magiredi ake ndi A mpaka E. Pamene chomatachi chinkayamba, anawerengera kuti pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto ya matayala a giredi yapamwamba imatha kuima pafupifupi mamita 18 msanga kuposa ya giredi yotsikitsitsa. Mamita 18 ndi galimoto za mtundu wanuwo pafupifupi zinayi zitandondozana. Pa msewu wa M1, pomwe wa kabaza, mbuzi kapena mwana wochokera kusukulu angatulukire mwadzidzidzi mvula ili pakati, mtunda umenewo ndi wautali zedi. Ngati chomata chachoka, lembani dzina la tayalalo ndi saizi yake pa intaneti, girediyo muipeza. Pa galimoto yolemera chonchi musatsike pa A kapena B. Chomatachi sichinena chilichonse za kukhalitsa. Nambala ya Treadwear imene imalembedwa m'mbali mwa matayala ambiri ndi ya muyeso wa ku America, ndipo imathandiza poyerekeza matayala a kampani imodzi, osati a makampani osiyana.

Tsono za kutha msanga kwa akumbuyowo, musafulumire kuweruza tayala. Injini ya dizilo ya 520d ya zaka za m'ma 2010 imatulutsa mphamvu yopotokola ya 380 mpaka 400 Nm isanafike n'komwe pa maulendo 2,000 pa mphindi, ndipo pa galimoto zambiri za mtunduwu mphamvu yonseyo imapita ku matayala awiri akumbuyo. Mukanyamuka mwaukali pa maloboti kapena potuluka pa raundabauti, matayalawo amakanda msewu pang'onopang'ono ngakhale osalira. Galimoto ya petulo imafuna muipondereze kaye kuti ifike pamenepo, ya dizilo imangofikapo inu osadziwa. Kenako gwadani muone mmene tayalalo lathera, chifukwa kathedwe kamaulula wolakwa. Likatha m'mphepete zonse ziwiri pakati pali bwino, mpweya wakhala ukuchepa. Likatha pakati pokha, mwakhala mukupopa mopyola. Likatha mbali yamkati yokha, n'kufika pa waya kunja kukuoneka kwatsopano, ndiye kuti alayimenti yasokonekera kapena mabushi atha, ndipo zimenezi sizichedwa pa misewu ya maenje. Tayala lolimba ngati mwala mungaliike pamenepo lidzathabe chimodzimodzi, inu mutataya kale kugwira msewu. Muyeso wa mpweya uli pa kachomata ka pachipilala cha chitseko cha dalaivala, pa galimoto zina uli mkati mwa kachitseko ka thanki, ndipo umayezedwa m'mawa matayala asanatenthe. Musangolola mnyamata wa pa filing'i siteshoni kupopa mwa chizolowezi chake.

Kalata yachiwiri alemba ndi mayi ena a ku Blantyre, ndipo yankho lake likukhudzanso kugunda kumene bambo a ku Lilongwe adandaula. Akuti: “E220d yanga ili ndi matayala olembedwa 245/40 R19 kutsogolo. Awiri atupa m'mbali nditagwera m'dzenje. Wokonza matayala akuti ndizichepetsa mpweya kuti galimoto izifewa. Nditero?”

Mayi, chonde musatero. Tayala lochepa mpweya likagwera m'dzenje limapanika pakati pa limu ndi mkombero wa dzenjelo, ulusi wa mkati umaduka, ndipo chotupa mwachionacho ndi mpweya umene ukukankha labala pamalo poduka ulusipo. Chotupa sichimatidwa, tayala loterolo lichoke lisanaphulike. Kuwonjezera apo, tayala lophwa limapindikapindika likamayenda n'kumatentha, ndipo m'nyengo yotentha ya October ndi November zimenezi n'zimene zimaphulitsa matayala pa ulendo wautali. Vuto lanu lenileni lalembedwa pa manambala omwewo. Nambala 245 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 40 akutanthauza kuti kutalika kwa m'mbali mwake ndi magawo 40 pa 100 a kufutukukako, ndipo 19 ndi saizi ya limu m'mainchesi. Mukawerengera, pakati pa limu yanu ndi msewu pali mamilimita 98 okha. Galimoto za mtundu womwewo zimatulukanso m'fakitale ndi 245/45 R18, yomwe ili ndi mamilimita pafupifupi 110, kapena 225/55 R17, yomwe ili ndi pafupifupi 124. Masaizi atatuwa ndi ofanana msinkhu gudumu lonse likaima, kotero sipidomita siinama, koma la limu ya 17 lili ndi mpata wochuluka womezera bampu lisanafike pa mashoko ndi pa msana wanu. Malimu aakulu amafuna misewu yosalala. Ena anena kuti limu yaing'ono imachotsa ulemerero wa galimoto ndipo chiwongolero sichimvera mwachangu pokhota. Za chiwongolerozo n'zoona pang'ono, ndipo munthu wothamanga pa bwalo la mpikisano angazimve. Koma tayala limene likudumphadumpha pa msewu wokumbika silikugwira kanthu pa nthawi imene lili m'malere, choncho kwathu kuno tayala lalitali m'mbali nthawi zambiri ndi limene limakhala pansi mokhazikika. Musanagule malimu ena, onani saizi zimene kampani inavomereza m'buku la galimotoyo, ndipo makaniko atsimikize kuti limu yaing'onoyo sikhudza mabuleki, popeza galimoto zina zili ndi mabuleki aakulu.

Kwa inu bambo a BMW pali chinanso. Galimoto zambiri za kampaniyi zimabwera ndi matayala a run-flat, olimba kwambiri m'mbali kuti azitha kuyenda ngakhale atabooka, ndipo kulimbako n'kumene kumagunditsa. Ubwino wake sindikuukana: tayala likabooka usiku pamalo oopsa, simuima. Koma malire ake nthawi zambiri ndi makilomita 80, pa liwiro losapyola makilomita 80 pa ola. Muyeso umenewu anauika poganizira dziko limene sitolo ya matayala ili m'tauni iliyonse. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, ndipo likabookera pakati pa Dedza ndi Ntcheu, makilomita 80 akufikitsani pamalo pomwe run-flat ya saizi yanu kuipeza n'kovuta, m'buti mulibenso sipeya. Mukasankha kusamukira ku matayala wamba, galimoto idzafewa moonekeratu, koma sinthani onse anayi nthawi imodzi, mugule sipeya, jeke ndi sipanala, ndipo nambala ya katundu isatsike. Nambala imeneyi ndi ija imatsatira saizi, monga 97 kapena 100, ndipo 100 akutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 800.

Kalata yachitatu ndi imene ikutsutsa mwamphamvu zonse ndanenazi, ndipo ndiyenera kuiyankha mwachilungamo. Alemba ndi achimwene ena a ku Mzuzu, dalaivala wa Audi A6 ya abwana awo. Akuti: “Matayala mukuwatamawo ndi odula. Mvula imagwa miyezi yochepa, ndipo ine sindithamanga. Abwana andipatsa ndalama yokwanira awiri atsopano, kapena anayi a kaunjika a mayina otchuka. Bwanji ndisagule a kaunjikawo?”

Achimwene, za mtengo mukunena zoona, ndipo kuyendetsa modekha kumathandizadi kuposa tayala lililonse. Koma palibe munthu amasintha matayala potengera nyengo kwathu kuno. Amene mwagula mu June ndi omwewo adzakumane ndi mvula yoyamba, pamene fumbi, oyilo ndi dizilo zimene zaunjikana pa phula chilimwe chonse zimasanduka thope loterera. Inu mukudziwa bwino chifunga ndi mvula yamawawa ya ku Chikangawa, komanso makona a ku Chiweta, komwe msewu ungathe kunyowa anzanu a ku Lilongwe akupuma fumbi. Kuima mwadzidzidzi sakusankha ndi dalaivala, amakusankhira ndi amene wadutsa kutsogolo kwako.

Pa za kaunjika, dzina lotchuka silitsitsimutsa labala wokalamba. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, muli manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ena, kuphatikizapo Michelin, amalangiza kuti likapyola zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka. Labala amauma ndi zaka, ndipo wouma sagwira. Tayala latsopano limakhala ndi mizere yakuya mamilimita 7 kapena 8. Lamulo la ku Britain ndi ku Ulaya limalola mpaka 1.6, koma mizereyo ndi imene imathamangitsa madzi pansi pa tayala, ndipo ikatsika kufika cha m'ma 3 galimoto imayamba kuyandama msanga pa madzi odikha, chiwongolero n'kungopepuka m'manja. Tayala la kaunjika la mamilimita 4 latsala ndi ochepa oti mugwiritse ntchito, kotero mukagawa mtengo wake ndi moyo umene latsala nawo, kutchipa kuja kumazimiririka. Chenjeraninso ndi lokhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka chipale mkati, kapena lolembedwa Studless, lokhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono. Amenewa nthawi zambiri amakhala a nyengo yachisanu ya ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo ambiri amabwera atavala kale pa galimoto zolowa m'dziko muno. Labala wake anamupangira kuzizira kosapyola madigiri 7. Pa phula lotentha amafewa mopyola, amatha msanga ndipo galimoto imachedwa kuima. Amayenda mwa myaa, n'chifukwa chake amanyenga anthu.

Choncho auzeni abwana kuti mugule awiri atsopano a giredi yabwino pa msewu wonyowa, ngakhale a kampani yapakatikati, ndipo enawo adzatsatire ndalama ikapezeka, malinga ngati awiri otsalawo sanatupe, sanang'aluke ndipo mizere ilipo. Atsopanowo muwaike kumbuyo. Ndikudziwa kuti ambiri akana, ati A6 imakoka ndi kutsogolo ndipo chiwongolero chili konko. Koma kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva m'manja, amachotsa phazi, galimoto n'kubwerera mumzere. Kumbuyo kukaterereka pa kona yonyowa galimoto imazungulira, ndipo ndi ochepa amene angaibweze. Ngati A6 yanuyo ndi ya quattro, yokoka ndi magudumu onse anayi, funsani kaye makaniko, chifukwa imeneyo sifuna matayala osiyana kwambiri kathedwe, ndipo pamenepo kungakhale bwino kudikira mpaka ndalama ya anayi ikwane. Makalata otsala, kuphatikizapo a mashoko ndi a oyilo wa giyabokosi, tiwerenga sabata yamawa.