Belu Losweka la ku Feira: Phunziro kwa Aphunzitsi a Kwaya

M'mwezi wa January, caka ca 1856, Dr. David Livingstone anafika pamene Luangwa athira m'Zambezi, pa dziko la Feira, limene tsopano dzina lace ndi Luangwa. Poyendayenda m'mabwinja a miyala anapeza zotsala za nyumba yopemphereramo ya masiku a Apwitikizi, ndi pambali pace belu losweka, lolembedwa zilembo I.H.S. ndi mtanda. Mpingo wosonkhana panalibe. Mapemphero a m'nyumbamo anali a m'Cilatini, cinenero cimene wolima mapira ndi wopalasa bwato sanacimve.

Inu aphunzitsi a kwaya, lingalirani za belu limeneli, ndipo muwerenge 1 Akorinto 14, m'mene mtumwi Paulo afanizira mau osamveka ndi lipenga losazindikirika kulira kwace. Nchito yanu yoyamba ndiyo yakuti mau a nyimbo amveke. Kukoma kwa maimbidwe kudze pambuyo.

Bvuto lathu liri apa. Nyimbo zambiri za m'mabuku athu zinadza ndi maimbidwe a ku Ulaya, ndipo mau a Cinyanja anangolowetsedwamo monga phazi m'nsapato ya mwini. Ife polankhula titsamira pa phatikizo lotsatana ndi lomariza: tinena Mu-LU-ngu. Koma maimbidwe ambiri a Cingelezi atsiriza mzere ndi kugunda kolimba, nakakamiza mpingo kuimba Mulu-NGU. Ndiponso cinenero cathu cikwera ndi kutsika: "mtengo" wa m'thengo ndi "mtengo" wa pa msika asiyana ndi liu lokha. Maimbidwe akakwera pamene mau atsika, nkhalamba imva phokoso lokoma, koma uthenga siiumva.

Wansembe A. M. Jones, amene anaphunzitsa pa St. Mark's College ku Mapanza kuyambira 1929 kufikira 1950, anachera khutu nyimbo za m'midzi zaka zambiri, nalimbikitsa Akristu kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe ao eni. Ife a m'cigwa cino sitisowa kupita kutali. Tamverani Acikunda popalasa bwato, kapena amai posinja pa mtondo: mmodzi atsogola, onse abvomera, ndipo palibe liu lotayika. Sanaphunzire do, re, mi pa bolodi (ngakhale sindipeputsa do, re, mi, athandiza ndithu kusunga maimbidwe pa pepala), koma aimba monga alankhula.

Cotero pophunzitsa nyimbo yatsopano musayambe ndi kugawa soprano, alto, tenor ndi bass. Yambani mwawerenga mau onse pamodzi, pang'onopang'ono, monga anthu akuceza pa bwalo. Funsani ana tanthauzo lace. Pamenepo muimbe ndi liu limodzi kufikira mpingo wonse waidziwa. Magawo anai adze potsiriza. Mukapeza mzere umene maimbidwe apotoza mau, musaope kuukonza pamodzi ndi akulu a mpingo. Ndipo mnyamata akadza ndi nyimbo yopeka yekha, musambweze cifukwa m'buku mulibe. Yesani mau ace ndi Malembo, ndipo akakhala oona, aiphunzitse anzace.

Loweruka madzulo, pokonzekera za Sabata, itanani agogo mmodzi wosadziwa kuwerenga, akhale panja pansi pa mtengo. Kwaya ikatha kuimba, muwafunse abwereze mau amene amva. Akalephera, yambaninso.