Insulini, ulendo wa ku Misa ndi kusala kwa ola limodzi

Phunziro la sabata ino likukhudza abale athu amene amadzibaya insulini tsiku lililonse chifukwa cha matenda a shuga, komanso ife amene timakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi.

Thupi likamagwira ntchito, minofu imakoka shuga m'magazi kuti ipeze mphamvu. N'chifukwa chake kuyenda ndawala, kulima ndi kupalasa njinga kumathandiza: insulini imagwira bwino ntchito, mtima umalimba. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zotere mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Vuto lili apa. Munthu wopanda matendawa akayamba ntchito yolemetsa, kapamba wake amachepetsa yekha insulini. Koma yobaya ikalowa, yalowa. Mnyamata wa kabaza pa Liwonde, kapena mayi woyenda mtunda wautali kudzamva Misa pa Balaka, akabaya n'kunyamuka osadya, shuga angatsike kufika pansi pa 4 mmol/L. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kulankhula zosokonekera. Ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala timangoti ndi dzuwa, ena mpaka kumunena kuti waledzera. Ngati akutha kumeza, mpatseni masupuni ang'onoang'ono anayi a shuga m'madzi kapena theka la botolo la Fanta, kenako chakudya. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala cha boma pa Balaka kapena pa Liwonde.

Ambiri amabwera osadya poopa kuswa lamulo la kusala asanalandire Ukaristia. Lamulo 919 la Mpingo limatchula ola limodzi lokha, ndipo madzi ndi mankhwala siziwerengedwa. Ndime yake yachitatu imalola okalamba ndi odwala kulandira ngakhale atadya mkati mwa olalo. Kwa ine, sweti imene wodwala wadya pakati pa ulaliki si chinthu choti tizimuyang'anira cham'mbali.

Dziwaninso kuti shuga amatha kutsika usiku, patapita maola ambiri ntchito itatha, choncho tsiku la Njira ya Mtanda kapena la kulima musagone osadya. Musanapalase njinga bayani pamimba osati pantchafu, popeza mwendo wogwira ntchito umafulumizitsa mankhwala. Shuga akakwera kwambiri ndipo mukusanza, imeneyo si nthawi yolimbitsa thupi, pitani kuchipatala. Za kuchepetsa mlingo wa insulini pa tsiku la ntchito yambiri, kambiranani ndi adokotala anu tsikulo lisanafike.