Chisanu Chayandikira: Mafunso ndi Mayankho a Mlimi wa Kudimba

Funso: N'chifukwa chiyani ntchito ya kudimba imagundika mu Meyi?

Yankho: Mvula ikalekeza, madzi a m'dambo amaphwera koma chinyontho chimatsala m'nthaka. Kabichi, repu, mpiru ndi anyezi zimakondwa ndi nyengo yozizira. Kabichi wofesedwa pa nazale kumayambiriro kwa Meyi amawokeredwa pakatha masabata 4 mpaka 6, pomwe anyezi amadikira masabata 6 mpaka 8. Ndiwo zambiri zimene zimaunjikidwa pamsika wa Lizulu m'chilimwe zimachokera m'madimba otere.

Funso: Nanga mapesi otsala m'munda mlimi achite nawo chiyani?

Yankho: Asawatenthe. Moto umasiya nthaka pambalambanda, mphepo n'kumaulutsa chonde. Mlimi awaduledule, awayale m'dzenje mosinthanitsa ndi ndowe, phulusa ndi masamba aawisi, akuwaza madzi. Ena amaunjika mulu n'kuumata ndi dothi, njira imene alangizi amaitcha chimato. Pakatha miyezi 2 kapena 3 manyowa amakhala atapsa. Mapesi otsala aphimbire mabedi kuti chinyontho chisathawe.

Funso: Kodi chisanu chimawauladi mbewu kuno kwathu?

Yankho: Kwabasi! M'madera okwera a Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, mu Juni ndi Julayi kumatha kucha tomato, nyemba ndi mbatatesi zitada bii. Usiku wopanda mitambo mpweya wozizira umatsikira kumunsi kwa dambo, choncho mbewu zosapirirazi zibzalidwe chakumtunda, kabichi ndiye atsike kumunsi. Nazale ifunditsidwe udzu madzulo, ivundukulidwe dzuwa likatuluka. Mpanda wa udzu umatchinga mphepo ya mwera.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje vuto ndi chiperoni: mvula yowaza imene imanyowetsa masamba n'kuitana chiwawu cha tomato.

Funso: Kuthirira kwabwino n'kotani?

Yankho: M'mawa, ndipo madzi alunjike patsinde. Masamba ogona onyowa sachedwa kugwidwa matenda.

Funso: Banja lopanda dimba lidzadya chiyani?

Yankho: Mfutso. Khwanya, chitambe ndi nkhwani zithyoledwe zikadali zanthete, ziwiritsidwe pang'ono, ziyanikidwe mpaka ziume gwa, kenako zimangidwe m'chikwatu n'kupachikidwa pouma. Amayi afulumire, chifukwa Meyi akamatha masamba a m'munda amakhala atakhwima kapena kuyoyoka.