CITSIME CA PA BROAD STREET

Pakutha pa mwezi wa August, caka ca 1854, nthenda ya kolera inagwa pa Soho, m'mzinda wa London. Munthu wodzuka bwino mamawa anayamba kutsegula m'mimba, nasanza, namwalira asanapite masiku awiri. M'masiku khumi anafa anthu oposa 500.

Anthu ambiri, ndi madokotala omwe, anayesa kuti nthendayi idza ndi mpweya wonunkha. Koma Dokotala John Snow anawerenga nyumba za maliro, napeza kuti zazinga mpope wa madzi wa pa Broad Street. Pa 8 September akulu a cigawoco anacotsa cogwirira ca mpopewo.

Mbusa wacinyamata wa calici ca St Luke, dzina lace Henry Whitehead, sanabvomere. Anayenda khomo ndi khomo kuti amtsutse dokotala. Ndipo pokhala mbusa wao, ofedwa anamuuza zimene sakadauza mlendo. Mayankho ao anamtembenuza iye mwini, ndipo ndiye anapeza gwero lace. Pa nyumba ya nambala 40 panadwala khanda. Amace anacapa matewera, nataya madziwo m'dzenje la zonyansa, limene linatalikira citsime mapazi osafika atatu. Njerwa zace zinali zogumuka.

Taonani, abale, madziwo anali oyera m'maso ndi okoma pakamwa, kotero kuti mai wina wamasiye wokhala kutali ku Hampstead ankalandira botolo la madziwo pa ngolo tsiku ndi tsiku. Iyenso anamwalira.